Ng'ala ya pa Dashibodi

Ku Mchinji kuli bambo wina woyendetsa takisi amene mpaka lero salola munthu aliyense kupukuta dashibodi ya galimoto yake ndi kansalu kouma. Anyamata otsuka magalimoto pasiteji anazolowera kale. Matayala amatsuka, mipando amakuntha, mazenera amapukuta, koma kagalasi kophimba mawotchi a liwiro ndi mafuta sakakhudza. Ena amati mkuluyu ndi wokula mtima, ena amanong'onezana kuti pamenepo pali chizimba. Zoona zake n'zakuti mwambowu unayamba Lamulungu lina m'mwezi wa Okutobala, fumbi litafika pachimake, ndipo unayamba ndi mwana.

Galimotoyo ndi Toyota Sienta ya mtundu woyamba, umene unayamba kupangidwa ku Japan mu 2003. Monga zinzake zambiri zimene zadzaza m'misewu ya Malawi ndi Zambia, inabwera itatumikirako kale kwawo. Ku Japan galimoto yatsopano imapimidwa mwalamulo ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo eni ake ambiri amaona kuti kuli bwino kuigulitsa kusiyana ndi kumalipira zopimitsazo mobwerezabwereza. Iyi inatsika m'sitima padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko kudzera pa Songwe. Ndalama zogulira zinachokera ku soya wa nyengo ziwiri ndi ngongole ya banki m'khonde imene mayi a pakhomopo anatenga m'dzina lawo. Motero galimotoyo ndiyo inali munda, nkhokwe ndi fizi ya ana. Chodabwitsa chake n'chakuti mawotchi ake ali pakatikati pa dashibodi, osati kuseri kwa chiwongolero, moti aliyense wokwera amatha kuwaona.

Pakhomopo pankakhala mtsikana wa zaka 11, mwana wa malemu mlongo wake wa dalaivalayo. Pachichewa malume ndiye mwini mbumba, choncho maliro atatha panalibe zokambirana zambiri, mwanayo ananyamula kachikwama kake n'kutsata amalume. Mayi ake ankadziwika m'mudzi monse chifukwa cha mapoto awo, amene ankati akawayanika pathandala ankathobwa m'maso. Phulusa, mchenga wa kudambo ndi sitiliwulu ndizo zinali zida zawo, ndipo mwana anakula akudziwa chinthu chimodzi motsimikiza, chakuti chinthu chimawala ukachikwecha.

Lamulungu limenelo amalume atagona masana, iye anatunga madzi pachitsime n'kutsuka galimoto yonse mwakachetechete. Atafika pakagalasi ka mawotchi anapeza kadontho ka ulimbo wotsalira pamene panali kapepala komata kalekale. Sopo anakanika. Anathamangira kukhitchini n'kukatenga sitiliwulu, ndipo ulimbo utachoka anapitiriza kukwecha kagalasi konse kuti mbali zonse zifanane. Kali konyowa kankaoneka mbee, pakuti madzi amadzaza timizere n'kutibisa. Anakakhala pakhonde akudikira kuyamikiridwa. Dzuwa litaumitsa madziwo, kagalasi kanasanduka koyera ngati kathiridwa ufa.

Zimene amalume anayankhula atadzuka anazimva ndi anthu a nyumba yachitatu. Zambiri zinali zaukali wamba zimene zimapita ndi mphepo, koma mawu awiri anatsala. “Kodi ndinakutenga kuti udzandisaukitse? Kwa amako kunali galimoto?” Mwanayo sanalire. Anatola chidebe chake n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo, galimoto ikamveka pachipata madzulo, ana ena onse ankathamanga kukalandira jumbo ya buledi, iye yekha ankapeza chochita kukhitchini.

Chimene anthu amachitcha kagalasi pa dashibodi si galasi ayi. Ndi pulasitiki yoonekera mkati, kawirikawiri ya mtundu wa acrylic, imene kampani ya Otto Röhm ku Germany inaipatsa dzina loti Plexiglas mu 1933, pamene ku Britain kampani ya ICI inaitcha Perspex. Opanga magalimoto amaikonda chifukwa ndi yopepuka, imaumbika mosavuta, pangozi siimwazika tizidutswa tocheka ngati galasi, ndipo imalola pafupifupi 92 peresenti ya kuwala kudutsa. Chilema chake ndi kufewa. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, chikhadabo cha munthu chili pa 2.5, galasi la pazenera pafupifupi 5.5, ndipo mwala wa quartz, umene ndiwo mchenga wambiri wa m'misewu ndi m'madambo, uli pa 7. Acrylic ili cha m'ma 3 basi. Izi zikutanthauza kuti fumbi lenilenilo ndi lolimba kuposa pulasitikiyi, ndipo kansalu kouma kakamalikokera uku ndi uku kamasanduka chokwechera. Kamzere kalikonse kali ngati kangalande kokhala ndi m'mbali mokhakhala. Kuwala kukafika pamenepo kumamwazikira mbali zonse m'malo modutsa molunjika, ndipo timizere tikachuluka diso limangoona nkhungu.

Lolemba pasiteji alangizi anachuluka. Wina anati apakepo Vaseline. Anapakadi, ndipo kagalasi kanayera nthawi yomweyo, chifukwa mafuta amadzaza timizere monga anachitira madzi aja. Koma pofika Lachitatu mafutawo anali atakoka fumbi lonse la msewu wa kumalire, ndipo zinthu zinaipa kuposa kale. Wina anati mankhwala otsukira mano amathandiza. Ameneyo sananame kwenikweni, pakuti m'mankhwalawo muli timchenga tosalala kwambiri tokhoza kuchotsa kachifunga kopepuka, koma mabala a sitiliwulu anali akuya kuposa mphamvu yake. Wachitatu anabwera ndi kabotolo ka thinala wosungunulira penti. Mwamwayi makaniko wina wachikulire anali pomwepo ndipo anamulanda botololo, akuti safunsa anadya phula. Thinala, mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, petulo ngakhale sipiriti zimadya acrylic. Zimaisiya ndi timing'alu tambirimbiri tolowa mkati mwenimweni, ndipo zikatero palibenso polishi amene angaibweze.

Kwa milungu itatu mkuluyu ankayendetsa mongoganizira. M'mawa zinkakhalako bwino, koma madzulo akamachoka kuboma kulowera chakum'mawa, dzuwa lili kumbuyo, kuwala kunkalowera pazenera lakumbuyo n'kugwera pa mawotchi, ndipo pankangooneka chigamba choyera. Liwiro ankaliyeza ndi khutu. Tsiku lina apolisi apamsewu anamuimitsa n'kumuonetsa nambala pamakina awo, ndipo analibe chotsutsa, pakuti iye mwini sankadziwa kuti amathamanga bwanji. Phindu la tsiku limenelo linathera pomwepo.

Choopsa chenicheni chinachitika cha ku Kamwendo. Mayi wina amene anakhala pampando wapakati, kumbali kumene kuwala sikunkamuthobwa, anasuzumira kutsogolo n'kufunsa mwaulemu kuti, “Adalaivala, kanyali kofiirako kamayaka choncho masiku onse?” Mkuluyu anaphimba kagalasi ndi chikhatho kuti pachite mthunzi, ndipo anaona chenjezo lakuti injini yatentha. Anaima pambali msangamsanga. Paipi ya madzi inali itang'ambika ndipo madzi ankadontha pansi. Akanayenda makilomita ena ochepa injini ikanapsa, ndipo ngongole ya banki m'khonde ikanatsala yopanda chobwezera. Akudikira kuti injini izizire, mayi uja anapukusa mutu n'kunena kuti, “Galimoto yanuyi ili ndi ng'ala, bambo. Kaipimitseni maso.”

Anthu anaseka, koma mawuwo anagwa pafupi ndi mbiri yeniyeni ya pulasitikiyi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, zivundikiro zoonekera za ndege zankhondo za ku Britain zinkapangidwa ndi Perspex. Dokotala wa maso Harold Ridley anaona kuti oyendetsa ndege amene tizidutswa ta pulasitikiyi tinawalowa m'maso sankatupa monga zimakhalira ndi zinthu zina zachilendo m'thupi. Mu 1949, pachipatala cha St Thomas' ku London, iye anaika kadiso kopangidwa ndi pulasitiki yomweyi m'diso la munthu wodwala ng'ala. Chinthu chimene chinali chitachita khungu pa dashibodi ku Mchinji n'chomwecho chimene chabwezera kuona kwa agogo ambiri m'zipatala za kuno.

Loweruka lotsatira makaniko uja anamasula chimango cha dashibodi, n'kukanikiza timano togwira kagalasi mmodzimmodzi mpaka kanatuluka, akuchenjeza kuti timivi ta mawotchi tisakhudzidwe. Dalaivalayo anakakulunga m'chitenje cha akazi ake, n'kuwoloka pa Mwami, pamene kuyambira kumapeto kwa 2022 maofesi a mayiko awiriwa amagwirira ntchito pamalo amodzi, n'kukwera galimoto ya ku Chipata. Cholinga chake chinali kugula kena. M'mashopu a zipangizo anamuuza kuti kagalasi pakokha sikagulitsidwa, agule bokosi lonse la mawotchi lochotsedwa m'galimoto ina, ndipo mtengo wake unamuumitsa pakamwa. Mnyamata wina ndiye anamulozera kumphepete kwa msika wa Kapata, kumene kunali mdala wowalitsa nyali za magalimoto.

Mdalayo anabadwira ku Mbare mumzinda wa Harare, makolo ake atachoka ku Dedza kukafuna ntchito m'masiku a Nyasaland, ndipo unyamata wake wonse anathera m'shopu yodula ndi kusalaza Perspex wa zikwangwani za m'masitolo. Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi mayendedwe ake onse. Anatenga kagalasiko, anakatsuka ndi madzi a sopo, anakaumitsa, n'kukapendeketsa padzuwa. Kenako anayendetsa chikhadabo pang'onopang'ono modutsa timizere.

“Chikhadabo chikadutsa osakodwa, polishi yekha amakwana,” anatero. “Chikakodwa, pafunika sandipepa. Apa chikukodwa pang'ono paliponse, koma pakona apa chikukodwa kwambiri. Anakwecha ndani motoka yanu?”

“Mwana, madala. Anatenga sitiliwulu.”

“Timizere towongokati ndi ta mwanayo. Nanga tozungulirati, tili pansi paketi?” Anamupatsa kuti aone yekha. Pansi pa mabala atsopano panali timizere tina tosaya, tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude. “Iti ndi takale. Ndi ta munthu amene m'mawa uliwonse amatenga kansalu kouma n'kupukuta fumbi. Mwana anangomaliza tsiku limodzi ntchito imene wina anaiyamba kalekale.”

Dalaivalayo anakhala chete. Kansaluko kanali m'thumba la thalauza lake nthawi yomweyo.

Mdalayo anafotokoza kuti anthu ambiri amaganiza kuti polishi amadzaza kamzere, pamene zoona zake n'zakuti kamzere kakalowa kalowa. Chimene munthu angachite ndi kutsitsa malo onse abwinobwino ozungulira mpaka afike pamene kamzereko kalekezera. Ntchito yonse ndi kusinthanitsa mabala aakulu ndi ang'onoang'ono, ang'onoang'onowo ndi ena ochepa kuposa pamenepo, kufikira atachepa moti diso silingawaonenso. N'chifukwa chake sandipepa amakhala ndi manambala kumsana, ndipo nambala ikamakula mchenga wake umachepa. Wa 2000 timchenga take n'tochepa kangapo kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Anawonjeza kuti njirayi ndi ya pulasitiki yopanda chopaka pamwamba. Sikirini ya wailesi yogwira ndi chala ili ndi kachikopa kake kopyapyala kamene sandipepa amakasenda kosabwereranso, ndipo nyali zakutsogolo, zimene zimapangidwa ndi pulasitiki ina yotchedwa polycarbonate, zikakwechedwa zimafuna kupakidwanso choteteza ku dzuwa, kupanda kutero zimabwerera kuchikasu.

Dalaivalayo anapempha kuti mdalayo agwire yekha ntchitoyo. Iye anakana, akuti ndi ya theka la tsiku ndipo nyali za anthu zinali pamzere. Anamudulira tizidutswa ta sandipepa wa m'madzi wa 1000, 1500, 2000 ndi 3000, anamuthirira polishi wa pulasitiki m'kabotolo, n'kumuonetsa kagwiridwe pachidutswa cha nyali yosweka. Atagwira zikhatho za mlendo wakeyo anaseka. “Manja awa ndi a chiwongolero ndi jeke, adzakanikiza mpaka kuswa. Kampatseni mwana yemweyo. Kukwecha amakudziwa. Chimene sanauzidwe ndi chokwechera.”

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Atafika anapeza mtsikanayo akusankha nyemba kuseri kwa khitchini. Anakhala pamtondo wogubuduzika pafupi naye, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kumasula chitenje. Mwanayo ataona kagalasiko anagwetsa nkhope.

“Ndabwera kudzapempha thandizo,” anatero amalume. “Akuti manja anga sangathe.”

“Ndiwononganso, amalume.”

“Ukawononga tawononga tonse. Taona apa.” Anakapendeketsa padzuwa lolowa n'kumuonetsa timizere tozungulira tija. “Iti ndi tanga. Ndinayamba ndine.”

M'mawa mwake atabwera kutchalitchi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Sandipepa anamuviika m'beseni la madzi oyera okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale mpaka anafewa. Mtsikanayo anayamba ndi wa 1000, akuyendetsa dzanja mbali imodzi yokha, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mopepuka, amalume akuthirira madzi ndi kapu kuti pasaume. Madzi otsika pamenepo anali oyera ngati mkaka, kusonyeza kuti pulasitiki ikudyeka. Atatsuka ndi kuumitsa, kagalasi konse kanali mbuu, koipa kuposa tsiku loyamba lija, moti ngakhale chala sichinkaoneka kuseri kwake. Mwanayo anayang'ana amalume ake mwamantha. Iwonso mtima unali m'mwamba, koma mdala wa ku Kapata anali atawachenjeza kuti pamenepa ndi pamene ambiri amataya mtima n'kusiya. “Pitiriza,” anatero.

Ndi wa 1500 anasintha njira, akuyendetsa kuchoka pamwamba kupita pansi. Kusinthaku kuli ndi chifukwa chake. Timizere ta sandipepa woyamba tikakhala topingasa ndipo ta wachiwiri toimirira, munthu amadziwa kuti wamaliza pamene topingasa tonse tazimirira. Wolumpha sitepe kapena wofulumira amadzapeza mizere yakuya ikumuyang'ana pamapeto, polishi atapaka kale. Madzi a m'beseni ankawataya n'kutunga ena asanayambe nambala yatsopano, pakuti kamchenga kamodzi kotsalira kakhoza kubweza ntchito yonse m'mbuyo. Wa 2000 anapingasanso, wa 3000 anaimiriranso. Pofika pamenepo nkhungu ija inali itapepuka, ndipo masamba a mango anayamba kuoneka mwa chizimezime kuseri kwa kagalasi.

Polishi anamupaka ndi chidutswa cha malaya akale a thonje, ochapidwa bwino ndi opanda msoko. Apa mwanayo anayendetsa chala mozungulira, timadontho tochepa nthawi imodzi, akupumira kuti pasatenthe, pakuti acrylic imayamba kufewa kutentha kukangopitirira pang'ono pa madigiri 100, ndipo kukwecha kwa liwuma pamalo amodzi kumasiya chigamba chopindika. Anapaka, napukuta ndi mbali youma ya nsalu, napakanso. Ulendo wachitatu amalume anakweza kagalasiko kumwamba ndipo anaona nthambi, mango aawisi ndi mtambo, zonse bwinobwino ngati palibe chili pakati. Ana ena anakuwa. Mayi a pakhomo anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja.

Pakona paja panatsala kamzere kamodzi, kotalika ngati njere ya mpunga, pamene panali ulimbo ndipo sitiliwulu anakanikizidwa kwambiri. Mtsikanayo anatambasula dzanja kuti atengenso wa 1000. Amalume anamugwira pamkono. Mdala uja anali atanena kuti kulondola bala lakuya mpaka pansi pake kumakumba kadzenje, ndipo kadzenjeko kamapotoza manambala kuposa mmene kamzere kakanachitira. Kali pakona, sikaphimba liwiro, sikaphimba nyali yochenjeza. “Kasiye, Naphiri,” anatero, akumuitana ndi mfunda umene ankaitanira mayi ake. “Kameneko katikumbutse tonse awiri.” Ndi pamene mwanayo analira, kulira kumene kunakanika tsiku lija, ndipo anthu anamusiya kuti alire.

Kagalasiko anakatsukanso mbali zonse ziwiri, n'kukasiya kuti kaume kokha pamthunzi popanda kukapukuta mkati, chifukwa pulasitiki ikakhuzidwa ndi nsalu youma imakoka fumbi, ndipo fumbi lotsekeredwa mkati limakhala momwemo mpaka kalekale. Lolemba m'mawa makaniko anakabwezera pamalo pake, timano tonse tinalira kuti thwa, ndipo kamuvi ka liwiro kanaoneka kofiira monga tsiku limene galimoto inafika kuchokera ku Songwe.

Ngongole ya banki m'khonde inatha chaka chotsatira. M'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera mumakhala kansalu kofewa kosungidwa m'jumbo ya shuga kuti kasagwire fumbi, pamodzi ndi kabotolo ka madzi oyera. Lamulo lake ndi lalifupi. Fumbi liyambe lauzidwa, kansalu kanyowetsedwe, dzanja lidutse kamodzi mopepuka. Ntchitoyo ili ndi mwini wake, ndipo amaigwira Loweruka lililonse madzulo, sukulu ikakhala kuti kulibe. Wokwera wina watcheru akaloza kamzere ka pakona n'kufunsa ngati sikangachoke, dalaivalayo amayankha kuti kangachoke ndithu, n'kusintha giya.